Bondo Louma ndi Mawu a Pakhonde

Lachiwiri, 7 Meyi

Andipatsa bedi lachitatu kuchokera kukhomo, pafupi ndi windo loyang'ana kukhonde. Ndayamba kulemba kuti ndisamaiwale mankhwala amene akundipatsa, komanso kuti manja apeze chochita, chifukwa ndikangokhala ndimayamba kuuza anamwino anzanga mmene akanagwirira ntchito yawo.

Ndine namwino wa chipatala chomwechino, ku wodi ya amuna. Loweruka wodwala wina, bambo wathupi lake, anachita chizungulire akuchokera kubafa, ine n'kumuwakha. Iye sanakalike ngakhale pang'ono, koma ine bondo lakumanzere linapindikira kumene silipindikira, fupa la m'munsi mwake n'kusweka. Dzulo andichita opareshoni, aikamo kachitsulo ndi masikuluwu asanu.

Mankhwala: jekeseni wa ululu, panado, jekeseni wa pamimba woletsa magazi kuundana. Dilipi achotsa masana. Mwendo usaponde pansi mpaka adokotala atanena.

Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza odwala kuti kabaya pang'ono chabe. Bodza. Sikabaya pang'ono.

Lachitatu, 8 Meyi

Thupi latentha, 37.8. Ndasanza tiyi. Mwendo ngati si wanga.

Lachinayi, 9 Meyi

Mutu wayera lero. Ndadziwana ndi oyandikana nawo bedi, mayi wamkulu kundiposa, telala, anathyoka m'chiuno atatsetsereka pa masitepe a shopu yawo. Wodi yonse imangoti a Telala. Ali chigonere choncho, maso awo amayeza aliyense wodutsa. Andiuza kuti yunifolomu ya asisitala a wodi ino inasokedwa ndi munthu wokwiya.

Adokotala a mafupa akuti chitsulo chakhala bwino, koma nkhondo yeniyeni ndi kupinda bondo. Likapanda kupindidwa masabata oyambirira ano limauma, ndipo likauma lauma. Akufuna lifike madigiri 90, ngati mmene limakhalira munthu akakhala pampando. Ndikudziwa tanthauzo lake. Namwino wa bondo louma sanyamula wodwala, sathamanga ndi tirole, amangomupatsa tebulo kuti azilemba makadi.

Kenako kunabwera amayi a mafizo a wodi ino. Odwala amawatcha a Chigayo, ndipo dzinalo analilandira ndi manja awiri. Anagwira chidendene changa n'kuyamba kuchikankhira kumatako pang'onopang'ono. Ndinakuwa, namwino wamkulu ine, wodi yonse ikumva. Anayeza ndi lula yawo yopindika ija: 30.

Ndinawauza kuti asavutike, amuna anga nawonso ndi a mafizo, ntchito imeneyi aigwira ndi iwo. Amagwira kutsidya kwa tawuni, kumalo ophunzitsa anthu kuyendanso, ndipo amene anafika kumeneko pa njinga ya olumala n'kubwerako ndi miyendo yawo ndi osawerengeka. A Chigayo anangoti "Oo," n'kupinda lula yawo.

Masana abambo akunyumba anabwera ndi supu ya nkhuku ndi malalanje, ndipo ndinawauza. Anasenda lalanje mpaka kumaliza, kenako anati ndili m'manja abwino, a Chigayo amawadziwa, ndi katswiri wa mabondo. Ndinaganiza kuti ndi ulemu wa pantchito chabe, kusafuna kulowerera wodi ya eni.

Lachisanu, 10 Meyi

Bondo 35. Jekeseni wa ululu asiya, tsopano mapilisi. Ayisi katatu pa tsiku.

Lero ndamva chinthu chimene sindinachimvepo chikwatiwireni.

Abambo ali ndi gulu lawo la pafoni. Analiyambitsa chaka chatha: anamwino, azamba, a ku fiyeta kochitira maopareshoni, a mano, onse a m'zipatala zakutali kumene kulibe wa mafizo, anthu amene ntchito inawathera misana, makosi ndi mapewa. Amakumana pa vidiyo Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu nthawi ya nkhomaliro. Ndimalidziwa gululo monga mmene mkazi amadziwira za kuntchito kwa mwamuna wake, mbiri yokha. Koma nthawi imeneyo ndi yomweyonso yoonera odwala kuno. Choncho lero anaika chakudya pa loka ya pambali pa bedi, anati abwera posachedwa, n'kukakhala pampando pakhonde, kunsi kwa windo langa, foni ataitsamiritsa pa botolo la madzi.

Mawu amene analowa pa windo si a amuna anga. Kunyumba abambo amalankhula ngati wapolisi wapamsewu: makiyi ali kuti, geti mwatseka, ana adya. Koma pakhondepo ndinamva kuti, "Tsitsani mapewa. Musafulumire, palibe akukuthamangitsani. Kokani mpweya ndi mphuno, usungeni, kenako utulutseni pang'onopang'ono. Mwasamalira anthu kuyambira m'mawa, tsopano mphindi izi ndi zanu." Mawu ofewa, otsika, oti mwana wolira n'kugona nawo.

A Telala anatsinzina n'kumapuma nawo. Zitatha anandifunsa ngati amuna amenewa ali ndi mkulu wawo wosakwatira.

Ine msana wakhala ukundiwawa chiberekereni mwana wachiwiri. Chimene ndinapatsidwa ndi pepala la zithunzi za mafizo a msana lomata pa fuliji. Zoti ndili ndi mphindi zanga palibe anandiuzapo.

Atalowa ndinati sindikumva njala. Mpunga anadya a Telala.

Loweruka, 11 Meyi

A Chigayo ndinawalola kukankha kawiri, kachitatu ndinagwira dzanja lawo. 35 yomweyo. Andisiyira nsalu ya pabedi yopinda motalika, akuti ndiziikola kuphazi n'kumakoka ndekha. Ili pansi pa pilo.

Lamulungu, 12 Meyi

Alendo ambiri. Anzanga a ku wodi ya amuna abweretsa nthochi ndi miseche yonse ya kumeneko. Mlamu wanga, mlongo wawo wa abambo, wabwera ndi mazira owiritsa, ndipo anatha ola lathunthu akutamanda achimwene ake. Akuti anakumana m'basi ndi mzamba wina amene msana wake unachira ndi foni yokha. "Inu alamu ndiye muli ndi mwayi, dokotala mukugona naye nyumba imodzi." Ndinamwetulira mpaka masaya anandiwawa.

Onse atapita ndinavundukula bulangeti n'kunena kuti, "Abambo, ligwireni."

Anasamba m'manja, anakhala m'mphepete mwa bedi, dzanja lina pansi pa bondo, lina pa chidendene. Manja awo ndi ofunda, osati ngati a Chigayo. Anakankha pang'ono. Ndinangoti "sss," mano ali pamodzi, osakuwa n'komwe. Anachotsa manja ngati agwira ketulo yamoto, anandifunditsa, n'kunena kuti kudakali kotupa, tidikire a Chigayo mawa. Kenako anatenga mbale n'kupita kukatsuka, mbale zimene mlamu anali atatsuka kale.

Lolemba, 13 Meyi

Bondo 40. Bala louma, ulusi uli bwino. Ndaphunzira kuyenda ndi ndodo ziwiri mpaka kuchimbudzi, mwendo uli m'mwamba.

Gulu lakumananso kunsi kwa windo, ndipo lero ndinatchera khutu bwinobwino. Asanayambe amapatsana moni, ndipo pali mmodzi amene amachedwa naye. Dzina lake ndalimva koma sindilemba muno. Ndi Wakhosi basi. Amagwira ku fiyeta, kuwerama tsiku lonse, khosi linamuuma. Abambo anamufunsa ngati wasintha pilo monga anamuuzira. Akudziwa pilo amene mkazi wa eni amagonera. Iye anayankha chinachake n'kuseka, kaseko kokwera kumapeto, abambo nawo n'kuseka.

Pilo wanga pano ndi wa pulasitiki mkati, amandichititsa thukuta m'khosi, ndipo palibe wandifunsa.

A Telala akuti nkhope yanga yakwinyika ngati msoko wa wophunzira. Ndinati ndi bondo. Anati mabondo ena amamera pamtima.

Lachiwiri, 14 Meyi

Adokotala sanakondwe. Bondo lidakali pa 40. Akuti likapanda kudutsa 60 pofika Lachisanu la sabata yamawa, andibwezera ku fiyeta, andigoneke, alipinde mokakamiza. Masikuluwu akhoza kugwedezeka, ndipo adokotalawo sangalonjeze kuti bondo silidzaumanso. "Sisitala, inu mukudziwa zonse, n'chifukwa chake mukuvuta."

A Chigayo anawonjezera kuti zengerezu adalinda kwawukwawu. Ndikudziwa. Koma akangogwira chidendene, ntchafu yanga imalimba yokha, ndipo m'mutu mumangobwera kuti wa ku fiyeta akufunsidwa za pilo, ine mkazi wa mwini ndikugayidwa ndi mlendo. Sindikunena kuti ndi nzeru. Ndikungolemba zimene zikuchitika.

Lachitatu, 15 Meyi

Asisitala a wodi ino ali m'gulu lija, mapewa amawavuta. Ndinawapempha linki yolowera m'gulumo, ndinati ndi ya mnzanga. Ndinalowa ndi foni ya a Telala kuti dzina langa lisaoneke, kamera yotseka, kachingwe m'makutu. Abambo ali kuseri kwa khoma, komanso ali m'khutu mwanga.

Munali anthu pafupifupi makumi awiri, aliyense m'kabokosi kake. Wina ali m'chipinda chosungira mankhwala, wina pansi pa mtengo kusaka netiweki, wina kumbuyo kwa ambulansi. Nkhope zotopa ngati yanga, moti ndinatsala pang'ono kuwamvera chisoni. Kenako ndinamuona. Ndimapemphera kuti akhale wokalamba, koma ayi. Ndi wamng'ono kwa ine, khosi lalitali, kampata m'mano akamaseka, chipewa cha ku fiyeta chamaluwamaluwa. Khosi lodwala silioneka choncho.

Moni utatha abambo anati, "Tsopano ndikutsekani mawu nonse, muzingomva ine." Anayamba ndi kupuma, kenako kufinya zibakera n'kumasula, kukweza mapewa n'kuwasiya agwe okha, kumasula nsagwada. Ine ndinalowa kuti ndingoonerera. Sindikudziwa kuti ndinayamba liti kutsatira. Ndinangozindikira mapewa agona pa matiresi koyamba chigonekedwereni, misozi ikutsikira m'makutu, ululu wa bondo wasunthira patali.

Zimathandizadi. Chimenecho ndicho chandipweteka koposa. Chaka chathunthu anthu akudya zabwino za amuna anga, ine ndikuchapa malaya amene amavala powalankhula.

Atalowa anandiyang'ana n'kunena kuti ndikuoneka wopumula, mapilisi atsopanowa akundiyanja.

Lachisanu, 17 Meyi

Ndagwa. Ndilemba mawa.

Loweruka, 18 Meyi

Ekisire: chitsulo ndi masikuluwu zili m'malo. Bala linatseguka kumunsi, asokanso. Bondo latupa ngati mpira, a Chigayo akuti lipume masiku awiri. Jekeseni wa ululu wabwereranso.

Zinayenda motere. Dzulo ndinalowanso m'gulu ndi foni ya a Telala. Tsikulo linali la misana ndi miyendo, zoimirira. Abambo anati aliyense agwire mpando, akwere pa zala za kuphazi, atsike. Anachenjeza kuti amene kamera zawo zili zotseka sakuwaona, asachite chimene thupi likukana. Ndinamva bwinobwino. Kenako anati, "Mwachita bwino kwambiri, sisitala, onani mmene khosi mwaliwongolera," ndipo anatchula dzina lija.

Chigonekedwereni palibe wandiuza kuti ndachita bwino. Ndinadziuza kuti mwendo umodzi wabwino ndili nawo. Ndinatsika pabedi, ndinaima ndi wakumanja, n'kugwira loka m'malo mwa mpando. Ine amene ndakankha maloka amenewa zaka zonsezi ndinaiwala kuti ali ndi matayala. Loka inapita, fulasiki ndi makapu pansi, ine pambuyo pake, mwendo wodwala n'kuponda ndi thupi lonse.

A Telala anakuwa kuposa ine. Abambo analowa akuthamanga asisitala asanafike, koma sanandigwire mwendo, anangondigwira mutu n'kumaitana anthu. Atandibwezera pabedi anawerama kutola makapu, n'kutola ndi foni ya a Telala. Ndinawaona akuyang'ana. Munali gulu lawo lonse, mpando wawo wa pakhonde uli wopanda munthu, ndi Wakhosi akukwerabe pa zala zake mokhulupirika.

Anaibweza kwa eni ake n'kuthokoza. Lero abwera ngati masiku onse. Abweretsa yogati ndi fulasiki yatsopano.

Lamulungu, 19 Meyi

Anadikira alendo apite. Anakoka katani, ngati kuti katani imatseka makutu a a Telala, n'kundifunsa kuti ndimafuna chiyani m'gulu muja.

Ndinati ndimafuna amuna anga, ndinamva kuti amapezeka kumeneko.

Ndinakhuthula zonse. Za pilo, za kaseko, za pepala la pa fuliji, za mbale zotsuka kawiri. Ndinati anthu osawadziwa amawaleza mtima theka la ola, ine bondo langa analigwira nthawi yosakwana kuthira shuga mu tiyi. Ndinafunsa ngati mwendo wanga ukuwanyansa.

Anatembenuza chivindikiro cha fulasiki. Kenako anati, "Aja sindiwamva, amayi."

Sindinamvetse, ndiye anafotokoza. Akuti mwezi woyamba wa gululo ankasiya mawu otsegula. Wina akabuula, iwo ankafupikitsa kuwerenga, pa khumi n'kuimira pa zisanu ndi chimodzi, ndipo palibe amene ankapeza bwino. Ndiye anayamba kuwatseka onse. Kuntchito odwala amakuwa, inde, koma amenewo ndi a eni, amatha kulimba nawo mtima mpaka nthawi yoweruka. Pafoni n'kosavuta kuposa pamenepo, munthu ukuona timitu tokha.

"Inu mukangoti sss, manja anga amafa. Bondo limeneli likufuna munthu amene sasiya mukalira. Ine ndisiya, ndipo lidzauma chifukwa cha ine."

Mwina mkazi wabwino akanasungunuka pamenepo. Ine ndinapsa mtima kwambiri. Ndiye kuti kukondedwa kwandipindulira supu ya nkhuku, osakondedwa atenga misana yowongoka. Ndinawauza choncho. Anati n'zoona, n'kutsegula katani.

A Telala anali atatsinzina mwamphamvu kwambiri, moti sizikanatheka kuti ali mtulo.

Lolemba, 20 Meyi

Kutupa kwatsika. A Chigayo ayeza: 35. Ndabwerera m'mbuyo. Adokotala alemba dzina langa pa ndandanda wa ku fiyeta wa Lachisanu, ndi pensulo akuti.

Abambo sanakhale pakhonde lero. Gulu akaliyendetsera m'galimoto, kumalo oimika magalimoto. Windo linali zii, ndipo nsanje inakula kuposa kale, chifukwa tsopano sindikumva n'komwe zimene akumuuza.

Nditakhala ndikuyang'ana windo lopanda kanthulo, ndinaganiza. Atabwera kudzatenga mbale ndinawauza kuti popeza amathandiza anthu okhawo amene ali m'foni, mawa andiimbire pa vidiyo ali m'galimoto momwemo. Manja akhala anga, nsalu ya a Chigayo ilipo. Iwo abweretse mawu okha, omwe aja, osachotsera.

Anandiyang'ana ngati ndawapempha chinthu chamanyazi. Kenako anati chabwino, koma nditseke maiki.

A Chigayo nditawauza anati zawo n'zoti bondo lipinde, kaya alipinda ndi mawu kaya ndi nyimbo. Andionetsanso kakoledwe ka nsalu, ndipo akuti ndimwe mapilisi theka la ola tisanayambe.

Lachiwiri, 21 Meyi



Ndinamwa mapilisi. A Telala anatumiza asisitala kuti atsamiritse foni yanga pa fulasiki, kumapazi a bedi, kuti mwendo wonse uzioneka. Ndinapesa tsitsi. Ndinadziseka ndekha, koma ndinapesa.

Foni inalira. Anali m'galimoto, lamba atamanga, kaya ankapita kuti. Anandipatsa moni ngati sitinaonane chaka, anafunsa mmene ndagonera. Ndinati pilo ndi woipa. Anati amva. Kenako anati ndidine kabatani ka maiki, tiyambe. Ndinatambasula dzanja n'kugwira m'mphepete mwa foni, osadina kanthu.

Mawu aja anabwera, a ine ndekha. Tsitsani mapewa. Palibe akukuthamangitsani. Ndinapuma nawo mpaka ntchafu inaleka kulimba. Anati ndikole nsalu kuphazi, ndikoke potulutsa mpweya, chidendene chizikhwekhwereza pa matiresi, ndikafika pamene pakuwawa ndipitirire pang'ono n'kugwira pomwepo, iwo awerenga mpaka khumi.

Ndinakoka. Ndinafika pamene pakuwawa, ndinapitirira, ndipo ndinakuwa mawu amene mayi wa ana awiri sayenera kuwadziwa.

Kuwerenga kunaima pa zitatu.

"Amayi, simunatseke."

"Sinditseka. Werengani."

"Sindingathe mukamatero."

"Abambo, ndagwira pano, ndipo sindisiya mpaka mufike khumi. Mukachedwa ndi inu mukundizunza."

Ndinawaona akuyang'ana kudenga la galimoto. Kenako anati zinayi. Mawu osalala aja anali atapita, anatsala osasa, oduka pakati, ngati a munthu wonyamula kabati pa masitepe. Ndinakuwanso pa zisanu ndi chimodzi, iwo anapitirira. Atafika khumi ndinamasula nsalu, tonse tinangokhala tikupuma.

Ndimaganiza kuti anena kuti basi zakwana. Anapukuta nkhope ndi dzanja la malaya n'kunena kuti, "Kachiwiri. Chidendene chibwere kuposa pamene chinafika."

Tinachita kasanu. Sanafupikitse ngakhale kamodzi. Ndinawatukwana kawiri, a Chigayo kamodzi, ndi bambo wathupi uja wa kubafa. Pomaliza anati ndachita bwino, koma mawuwo anatuluka theka lokha.

Sanabwere kuwodi nthawi yomweyo. Asisitala amene anadutsa kumeneko akuti anawaona atatsamira chiwongolero, ndipo anaganiza kuti galimoto yakana kulira.

Lachitatu, 22 Meyi

M'mawa a Chigayo ayeza: 55. Anayezanso kachiwiri chifukwa sanakhulupirire lula yawo. Adokotala akuti zikapitirira chonchi afufuta dzina langa Lachisanu m'mawa. 90 idakali kutali, ndipo bondo likuwawa ngati alimenya ndi hamala. Tizichita kawiri pa tsiku, m'mawa ndi a Chigayo, madzulo ndi foni.

Abambo abweretsa pilo wa kunyumba. Masana anakhalanso pakhonde ndi gulu lawo, ndipo mawu aja anabwerera mwakale, osalala, opanda chipsera. Wakhosi anaseka kaseko kake. Sindinama, mtima unandilasabe, ndipo ndikuganiza kuti udzandilasa mpaka khosi limenelo lidzachire.

A Telala anandifunsa ngati ndikufuna foni yawo. Ndinati ayi. Mawu osalalawo atenge Wakhosi, amugonetse nawo pa pilo wake watsopano. Osasa aja, oduka pakati, sanawamvepo, ndipo sadzawamva. Foni yanga ilira faifi koloko.